Chinjoka Chimene Chinawerenga Kuyambira Pansi

Nonoka ankafuna mvula. Ankaifuna kwambiri. Ankaifuna lisanafike Lamulungu.

Linali Lachitatu m'mawa. Banja lonse linali pa kadzutsa. Onse anakhala pansi, kuzungulira tebulo lalifupi. Panali mpunga wotentha. Panali msuzi wa miso, wopangidwa ndi soya. Panalinso nsomba yowotcha, aliyense yake.

Amayi ankadya. Tomoe, mkulu wake wa Nonoka, ankadya. Nonoka ankadya pang'ono, n'kujambula pang'ono. Kope lake linali pamiyendo, kunsi kwa tebulo.

Koma Bambo sankadya. Anangogwira timitengo todyera, maso ali pawindo. Kunja kunali dzuwa. Dzulo lake kunali dzuwa. Mwezi wonse kunali dzuwa lokhalokha.

Minda yawo ya mpunga inali m'mbali mwa phiri. Wina unali pamwamba pa unzake, ngati masitepe. Yonse inali youma gwa. Ngalande inali itaphwa. Munda umodzi wokha ndiwo unali ndi madzi, wakumunsi kwenikweni. Mbande zonse zinali mmenemo, m'mathireyi, kudikira kuwokedwa.

Bambo anati nsonga za mbande zayamba chikasu. Anati zikapanda kuwokedwa Lamulungu, chaka chino kulibe mpunga. Anayankhula motsitsa. Kenaka anaika timitengo pansi.

Tomoe anasuzumira kunsi kwa tebulo. Anaona kope lija. Nonoka ankakonda kujambula manga, nkhani za zithunzi. Nkhani iliyonse inali ya timabokosi tinayi. Amphaka ake ankaoneka ngati mbatata, koma nkhani zake zinkaseketsa.

"Nono-chan, paja iwe ndiwe katswiri," anatero Tomoe, pomutchula dzina lake lapanyumba. "Tijambulire mvula, tiwokere papepala."

Nonoka anamutulutsira lilime. Amayi anati zimenezo azisiye. Anapatsa Nonoka kathabwa kokhala ndi chingwe. Pakathabwapo anali atalembapo pempho la mvula. Anati akaweruka kusukulu akwere ku kachisi wa paphiri, akakapachike.

Masana Nonoka anakwera ku kachisi. Masitepe anali ambiri. Anakwera, napuma. Anakwera, napuma. Mitengo ya mkungudza inali chete. Ngakhale mbalame zinali chete.

Pakhomo pa kachisi panali beseni lamwala. Nonoka anatunga madzi ndi chikho cha nsungwi. Anasamba dzanja lamanzere. Anasamba dzanja lamanja. Madzi anali ochepa, pansi penipeni.

Kenaka anapita popachika timatabwa. Tinalipo tambiri. Ta a Kubota, oyandikana nawo nyumba, tinalipo. Ta ogulitsa tofu, chakudya cha soya, tinalipo. Mudzi wonse unali utapachika.

Ndipo anamva kaphokoso. Kukutu, kukutu, kukutu.

Nonoka anaimirira. Phokoso linasiya. Anasuntha phazi. Kukutu, kukutu. Anasuzumira kuseri kwa timatabwa.

Kuseriko kunali chinjoka. Chinali chaching'ono, chotalika ngati mkono wa Bambo. Mamba ake anali obiriwira. Chinali ndi tinyanga ngati ta gwape. Chinali ndi timiyendo tinayi, ndi ndevu ziwiri zazitali. Chinali kukukuta kathabwa ka a Kubota.

Nonoka sanathawe. Anawerama pang'ono, napereka moni. Chinjoka chinameza, n'kuweramanso.

Chinati dzina lake ndi Kosame. Chinati chili ndi zaka mazana awiri basi, chikadali mwana. Phirili linali la amalume ake. Amalumewo anakalamba, napita kunyanja kukapuma. Tsopano wosamalira mitambo ya mudziwu anali iyeyo.

Nonoka anafunsa chifukwa chake akudya timatabwa. Kosame anati si kuti timakoma ayi. N'touma, ndipo timatsakamira m'mano. Koma anthu akuno ndi okoma mtima, amabweretsa tsiku ndi tsiku. Kusiya mphatso osadya n'kupanda ulemu.

"Si chakudya chimenecho," anatero Nonoka. "Ndi makalata. Anthu akukupempha chinthu."

Ndevu za Kosame zinagwa. Anayang'ana kathabwa kolumidwa kaja. Anati amalume anamuuza kuti azichita zimene anthu apempha. Iye ankadabwa kuti bwanji palibe wopempha. Ankaona anthu akuyanika zofunda padzuwa. Ankayesa kuti onse akusangalala.

Nonoka anatsegula pakamwa kuti anene pempholo. "Anthu akufuna mvu..."

Kosame anamutseka pakamwa ndi mchira. Mchirawo unali wozizira ngati mwala wa mumtsinje. Anati asanene, chonde asanene. Matsenga a chinjoka amayambira m'maso. Chikawerenga chokha, matsenga amagwira. Wina akachiuza, matsenga amathawa.

Nonoka anati ndiye awerenge. Kosame anayang'ana pansi. Anapinda mchira. Anaupindanso.

"Sindidziwa kuwerenga," anatero.

Nonoka anaganiza za mbande. Anaganiza za Bambo ndi timitengo tawo. Iye anali mu kalasi yachiwiri. Zilembo zosavuta ankazidziwa zonse. Anati amuphunzitsa.

Kosame anawerama mpaka nyanga zinakhudza pansi. Anamutchula Sensei, monga ana amatchulira aphunzitsi awo. Palibe amene anatchulapo Nonoka choncho. Anamva kukoma mpaka m'makutu.

Pa chakudya chamadzulo Nonoka anati wapeza mwana wasukulu. Tomoe anafunsa ngati ndi chule. Nonoka anangopitiriza kudya. Aphunzitsi sayankha mafunso achibwana.

Lachinayi Nonoka anakweranso. Anatenga kope, burashi ndi inki. Anatenganso mpunga woumba uwiri, wokulunga ndi ndere zam'nyanja. Kosame anadya wake kamodzi n'kamodzi. Anati ukuposa matabwa kutali.

Phunziro linayamba. Nonoka anaima chilili, manja kumbuyo. Anati ana akhale chete. Mwana anali mmodzi, ndipo anali kale chete.

Panafunika zilembo ziwiri zokha za m'malembedwe a kwawo. Choyamba chinali a. Chachiwiri chinali me. Ukaziphatikiza, ndi ame, dzina la mvula m'chinenero chawo. Nonoka analemba a wamkulu. Pambali pake analemba me wamkulu.

Kosame anayang'ana. Anapendeketsa mutu uku. Anapendeketsa mutu uko. Anati akuona nyongolotsi ziwiri zodzipinda.

Nonoka anati ayang'anitsitse. China chili ndi kamtanda pamutu, china chilibe. Kosame anayang'anitsitsa. Anati nyongolotsi ina yavala chipewa.

Nonoka analoza a. Kosame anati me. Nonoka analoza me. Kosame anati a. Nonoka analozanso a. Kosame anati nyongolotsi.

Anayesa kulemba. Kosame analuma burashi. Inki inadetsa ndevu. Inadetsa mphuno. Anayetsemula, ndipo kope lonse linanyowa.

Nonoka anafuna kukwiya, koma anaseka. Anapukuta ndevu zija ndi kansalu kake. Anati akadzakhoza adzamujambulira duwa lofiira. Kusukulu mwana akakhoza zonse, aphunzitsi amajambula duwa lofiira pakope pake. Kosame anati duwa limenelo akulifuna kwambiri.

Dzuwa linapendeka. Kosame anali asanadziwe a. Anali asanadziwe me. Kunatsala masiku atatu.

Lachisanu m'kalasi Nonoka sankamva za masamu. Ankajambula m'mphepete mwa kope. Anajambula kabokosi. Anajambula kena pansi pake. Kenaka anasiya pensulo. Anaganiza kuti zilembo n'zovuta, koma zithunzi aliyense amaziwerenga.

Ataweruka anathamanga. Masitepe anawakwera osapuma. Anatsitsa kathabwa ka Amayi kaja, nakatembenuza. Kumbuyo kwake kunali kosalemba. Anajambula timabokosi tinayi, kuchokera pamwamba kutsikira pansi.

M'kabokosi kapamwamba anajambula munda wouma, wong'aluka. M'kachiwiri anajambula mtambo wonenepa. M'kachitatu anajambula mizere yambiri, pakati pa mtambo ndi munda. M'kapansi anajambula munda wodzaza madzi, ndi chule pambali.

Anapachika kathabwako. Anaitana Kosame. Sanamuuze kanthu. Anangoloza.

Kosame anayandikira. Anayang'ana nthawi yaitali. Ndevu zake zinayamba kunjenjemera. Mamba ake anayamba kuwala.

"Sensei, ndawerenga," anatero. "Ndawerenga ndekha."

Ndipo anayamba kukula. Anakula ngati mtanda wa denga. Anakula ngati mkungudza. Anazungulira kachisi kamodzi, nakwera kumwamba. Masamba ouma anamutsatira.

Nonoka anatsika akudumpha. Anadumpha masitepe awiriawiri. Ankayang'ana kumwamba, kudikira dontho loyamba.

Dontho silinabwere.

Anapeza Bambo ataima pamunda wakumunsi. Amayi anali pomwepo. Tomoe anali pomwepo. Onse ankayang'ana madzi.

Madzi a m'mundamo ankakwera. Ankakwera ngati ulusi woyera, ulusi wambirimbiri. Ankakwera mwakachetechete, kupita kumwamba. Kumwambako anasanduka mtambo wonenepa. Mtambowo unayenda pang'onopang'ono. Unakabisala kuseri kwa phiri.

M'munda munatsala matope. Achule anakhala pamatopepo, kuyang'anana. Mbande zinatsala zopanda madzi.

Bambo anavula chipewa. Anachivalanso. Anati chibadwire sanaonepo zotere. Anati mbande zikhoza kupirira tsiku limodzi, kapena awiri.

Amayi anati madzi osamba dzulo akadali m'bafa. Anatenga ndowa. Tomoe anatenga ndowa. Nonoka anatenga ketulo. Anatunga, nathirira. Anatunga, nathirira. Tomoe sanaseke munthu tsiku limenelo. Nonoka naye sanajambule kanthu.

Loweruka kunalibe sukulu. Atangodya kadzutsa, Nonoka anakwera ku kachisi. Ankaponda masitepe mwamphamvu. Di, di, di.

Kosame ankamudikira pa sitepe yomaliza. Anali atabwerera pa msinkhu wake waung'ono. Ndevu anali atazipesa bwino. Anati sanasiye ngakhale dontho limodzi. Anafunsa ngati Sensei abweretsa choko chofiira cha duwa lija.

Nonoka anakalipa. Anati waumitsa munda wa Bambo. Anati mbande zikufa chifukwa cha iye. Anati sanaonepo mwana wosamva ngati iye, ndipo duwa aliiwale.

Kosame anayamba kuchepa. Anachepa. Anachepanso, mpaka anafanana ndi chala. Anakwawira ku beseni lamwala, nalowa m'timadzi tija. Panja panatsala ndevu zokha.

Nonoka anakhala pa sitepe. Anagwira tsaya. Mphepo inagwedeza timatabwa, gobede, gobede. Pang'onopang'ono mkwiyo wake unatsika.

Anakumbukira za kusukulu. Iye akalakwa samu, aphunzitsi ake sakalipa. Amakoka mpando, n'kukhala pambali pake. Amati awaonetse mmene wachitira.

Nonoka anatsitsa kathabwa kaja. Anapita nako pa beseni. Anagwada.

"Kosame, tandionetsa mmene unawerengera."

Ndevu zinagwedezeka. Kunatuluka mphuno. Kunatuluka maso. Kenaka kunatuluka kamchira, n'kuloza kabokosi kapansi.

Kosame anawerenga motsitsa. Poyamba pali munda wodzaza madzi. Mchira unakwera. Kenaka madzi akukwera kumwamba. Mchira unakwera. Kenaka asanduka mtambo. Mchira unafika pamwamba. Pomaliza munda wauma bwinobwino.

Nonoka anafunsa chifukwa chake anayambira pansi. Kosame anadabwa ndi funsolo.

"Chilichonse chimayambira pansi, Sensei," anatero. "Nsungwi imayambira pansi. Utsi umayambira pansi. Inenso ndikamauluka ndimayambira pansi."

Nonoka anayang'ana zithunzi zake. Anayamba ndi kapansi, nakwera. Munda wodzaza, mizere, mtambo, munda wouma. Zinalidi choncho. Mizere ija sinkanena ngati ikutsika kapena ikukwera. Kosame anali atawerenga bwino kabokosi kalikonse.

Nonoka anawerama mpaka tsitsi linakhudza mwala. Anati wolakwa ndi iye. Anaphunzitsa zithunzi, koma sanaphunzitse poyambira. Anapepesa chifukwa cha mawu aja.

Kosame anatuluka m'madzi. Anati nayenso apepese kwa achule.

Tsopano panafunika kuphunzitsa poyambira. Koma yankho silinayenera kunenedwa. Nonoka anaganiza. Anayang'ana beseni. Anayang'ana chikho cha nsungwi.

Anaimika kathabwa pamwala. Anaviika chala m'madzi. Anadonthezera dontho limodzi pamwamba pa kathabwa. Anauza Kosame kuti angotsatira dontholo ndi maso.

Dontho linaima pa munda wouma. Kosame anayang'ana munda wouma. Dontho linatsetsereka, linafika pa mtambo. Kosame anayang'ana mtambo. Dontho linatsika m'mizere ija. Maso a Kosame anatsika nalo. Dontho linafika pa munda wodzaza, linagwera pamutu pa chule.

Kosame anakweza maso. Anabwerera pamwamba yekha. Anatsikanso ndi maso, popanda dontho. Ndevu zinayamba kunjenjemera. Mamba anayamba kuwala.

"Kani pali zinthu zoyambira kumwamba," anatero.

Nonoka anaomba m'manja. Anadikira kuti akule ndi kuuluka. Koma Kosame sanauluke. Anayang'ana kuphiri, ndevu zili pansi.

Anati pali vuto. Mtambo uja unapita kutali. Mtambo wokhuta ndi waulesi, sumva mluzu umodzi. Pamafunika awiri oimba mluzu. Kale ankaimba ndi amalume. Tsopano ali yekha.

Nonoka anati iye alipo. Koma mluzu sadziwa. Tomoe anayesapo kumuphunzitsa, zinakanika.

Kosame anakwera pamwamba pa beseni. Anakweza mutu. Anaika timiyendo takutsogolo kumbuyo. Anati ana akhale chete.

Nonoka anaseka. Kenaka anaima bwino, mapazi pamodzi. Anawerama.

"Ndiphunzitseni, Sensei," anatero.

Mamba a Kosame anasanduka ofiirira ndi manyazi. Koma anayamba phunziro. Anati Nonoka ayese kaye, aone.

Nonoka anasongola milomo. Anauzira. Fuuu. Kunatuluka mpweya wokha. Anauziranso. Fuuu. Kunatuluka timalovu.

Kosame sanakalipe. Anati waona polakwika. Nonoka akuyambira pamwamba, pamilomo. Mluzu woitana mtambo suyambira pamilomo. Umayambira pansi.

Anamuuza kuti avule nsapato. Nonoka anavula. Anavulanso masokosi. Anaponda mwala wozizira.

Kosame anati amve kuzizira kumapazi. Nonoka anakumva. Anati akukweze mpaka m'mawondo. Nonoka anatseka maso, nakukweza. Anati akukweze mpaka m'mimba. Kuzizira kunafika m'mimba. Kunafika pachifuwa. Kunafika pakhosi.

"Tsopano tsegulani milomo pang'ono," anatero Kosame.

Fyooo.

Nonoka anatsegula maso. Mluzuwo unali wake. Unali woonda, koma unali mluzu. Anayesanso, kuyambira kumapazi. Fyoooo. Uwu unafika mpaka ku mikungudza.

Kosame anati wakhoza. Anakula pang'ono, nafanana ndi Nonoka. Anaima pambali pake, onse kuyang'ana kuphiri. Anawerenga mpaka katatu ndi mchira.

Anaimba limodzi. Wa Kosame unali wonenepa. Wa Nonoka unali woonda. Miluzu iwiriyo inapotana ngati chingwe, n'kuwoloka chigwa.

Anadikira. Kuphiri kunalibe kanthu. Anaimbanso. Anadikira. Milomo ya Nonoka inayamba kuwawa. Anaponda mwala mwamphamvu, naimba kachitatu.

Pamwamba pa phiri panatulukira kanthu koyera. Kanasuzumira ngati mwana wobisala kuseri kwa chitseko. Unali mtambo uja. Unabwera monyinyirika. Pambuyo pake panabwera wina. Panabweranso wina, wakuda. Mtambo uja unali utapeza anzake kuseriko, ndipo onse anautsatira.

Kosame anakula. Anakula ngati mtanda wa denga. Anakula ngati mkungudza. Asanauluke anatsitsa mutu wake waukulu pafupi ndi Nonoka. Anafunsa motsitsa za duwa lija.

Nonoka anapisa m'thumba. Choko chofiira chinalimo. Anali atachitenga m'mawa, ngakhale anali wokwiya. Anaima ndi zala zakumapazi. Anajambula duwa lalikulu pamphumi pa Kosame, pakati pa nyanga.

Kosame anati chinjoka chilibe choko. Anagunda mphumi ya Nonoka ndi nsonga ya ndevu. Panatsala dontho limodzi lozizira. Anati limenelo ndilo duwa la mwana wake wasukulu.

Kenaka anakwera. Analowa m'mitambo, naizungulira. Anaisonkhanitsa pamwamba pa mudzi. Kunachita mdima pang'ono. Kunanunkhira dothi.

Tho. Dontho linagwa pa mwala. Tho, tho. Linagwa pa denga la kachisi. Kenaka mvula inatsika yonse, waaa.

Nonoka anatola nsapato. Anatsika masitepe osazivala. Tsitsi linanyowa. Malaya ananyowa. Kope linanyowa m'thumba, koma sanadandaule.

Ngalande inali itayamba kuyenda. Inanyamula masamba ndi timitengo. Madzi analowa m'munda wapamwamba. Anasefukira m'wachiwiri. Anasefukira m'wachitatu. Achule anayamba kuimba onse pamodzi.

Bambo anali pamunda wakumunsi, opanda ambulera. Ankatsegula njira za madzi ndi fosholo. Ankaseka okha. Amayi ankathamanga kuanula zofunda. Tomoe ankawathandiza, zofunda zili pamutu.

Tomoe anaona Nonoka. Anamufunsa kumene anali, wonyowa ngati mphaka wogwera m'ngalande. Nonoka anati anali kusukulu. Tomoe anati lero ndi Loweruka. Nonoka anasongola milomo, namuimbira mluzu, fyooo. Tomoe anangoti kukamwa yasa.

Mvula inagwa masana onse. Pa chakudya chamadzulo Bambo anamaliza mbale yawo. Anapempha ina.

Lamulungu kunacha bwino. Minda yonse inali yodzaza. Mitambo inkaoneka m'madzimo ngati pagalasi. Mbande zinali zitadzuka, zobiriwira.

Bambo anatulutsa makina owokera. Amayi ndi Tomoe ananyamula mathireyi. M'makona, mmene makina safika, mumawokedwa ndi manja. Imeneyo inali ntchito ya Nonoka. Anapinda buluku mpaka m'mawondo. Anatenga mbande zodzaza dzanja.

Bambo anaima pakati pa minda. Anayang'ana kumtunda. Anayang'ana kumunsi. Anakanda m'mutu.

"Nono-chan, lero tiyambire kuti? Kumtunda kapena kumunsi?"

Nonoka anaganiza. Anaganiza nthawi yaitali, mpaka Tomoe anati dzuwa lilowa.

"Kulikonse, Bambo," anatero. "Bola tiuzane kaye."

Bambo anati ndiye kumtunda. Amayi anati amva. Tomoe anati wamva. Makina analira, pu, pu, pu.

Nonoka analowa m'munda. Matope anamufika m'akakolo. Anatenga mbande zitatu, nazibaya m'matope. Anachotsa dzanja pang'onopang'ono. Mbande zinaima.